Wachiona ndani wa pa mlatho wa Westminster

Ndinaphunzitsa jogalafe ku sekondale zaka 31, ndipo pakhoma la kalasi yanga panali kalendala yakale ya chithunzi cha mlatho wa nsanja ziwiri wa ku London. Chaka ndi chaka ndinkaloza chithunzicho ndi ndodo n'kuuza ana kuti uwu ndiye London Bridge. Palibe mwana ananditsutsapo. Ndiye mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku England, atandiitana kuti mu Novembala 2024 ndikaone mdzukulu amene ndinkangomuonera pafoni, ndinauza mayi akunyumba kuti kumeneko ndili ndi ntchito yanga yapadera: kuyenda wapansi m'mbali mwa mtsinje wa Thames, mlatho ndi mlatho, mpaka ndikaime pamanda a David Livingstone ku Westminster Abbey. Munthu amene anadzaona nyanja yathu ya Chilwa mu 1859 ndinafuna ndikamubwezere ulendo.

Kuno ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Sadzi, makolo amene ana athu ali kunja tachuluka, ndipo ambiri a inu mudzaitanidwa ngati ine. Zimene zinandigwera ndinazibisa miyezi ingapo chifukwa cha manyazi. Lero ndiziulula zonse.

Kuluza kunayambira konkuno. Viza ya mlendo ya miyezi 6 inali mapaundi 115 nthawi imeneyo. Fomu mumalemba pa intaneti, kenako mumapita ku Lilongwe kukapereka zidindo za zala ndi kukajambulidwa. Amanena poyera kuti yankho limatenga pafupifupi masabata atatu, koma ine ndinawerengera kuyambira tsiku lolemba fomu, pamene eni ake amawerengera kuyambira tsiku la zidindo. Tikiti ya ndege ndinali nditagula kale. Tsiku lonyamuka linafika pasipoti ili kwa eni ake, ndipo kusintha tsiku kunadya madola 150 a mwana wanga. Musagule tikiti viza isanatuluke. Za ndalama zakunja mukuzidziwa kale mmene zikusowera: ndinayendera ku banki masabata awiri, tikiti ndi pasipoti zili m'manja, kuti ndipeze mapaundi 300, paundi imodzi ikuposa K2,000. Mapaundi amenewo muwakumbukire, tikumana nawonso kutsogoloku.

Mwana wanga amakhala ku Croydon, kummwera kwa mzinda. Lachiwiri la sabata yachiwiri, iye ndi mwamuna wake onse akukonzekera za kuntchito, ndinatuluka kuchipinda nditavala jekete ndi nsapato zanga za kutchalitchi.

"Adadi, bwanji osadikira Loweruka tipitire limodzi?"

"Iwe, mapu a mzinda uno ndinayamba kuphunzitsa usanabadwe."

Apongozi anga, munthu waulemu kwambiri, anangoyang'ana pansi. Mwana wanga anandilanda pasipoti n'kuiika m'kabati, anandipatsa khadi la Oyster lokwerera sitima ndi basi, n'kunditsegulira pafoni tsamba losonyeza nthawi zimene mlatho wa nsanja uja umatseguka kuti zombo zidutse. Tsiku limenelo unali woti utseguke cha m'ma 11 koloko. Atatenga cholembera kuti andilembere nambala yake ndi adiresi ya nyumba pakapepala, ndinamuletsa. Ndinati zonse zili m'foni. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Sitima yochoka ku East Croydon inanditula pa siteshoni ya London Bridge pasanathe theka la ola. Ndinatsata zikwangwani, mtima uli dyokodyoko, mpaka ndinaponda pamlatho. Nsanja ayi. Unyolo ayi. Mlatho wa simenti basi, wotakata, mabasi ofiira akungodutsa, anthu a masuti akuthamangira ku maofesi, wosasiyana kwenikweni ndi wa pa Likangala kungoti uwu ndi waukulu. Ndinaganiza kuti mwina ndatulukira khomo lolakwika, ndiye ndinabwerera m'siteshoni, kutulukira kwina, n'kudzapezekanso pamlatho womwewo. Ndinachita manyazi kufunsa. Mphunzitsi wa jogalafe angafunse bwanji kumene kuli London Bridge ataima pa London Bridge? Nditatembenukira kumunsi kwa mtsinje m'pamene ndinauona mlatho wa pakalendala yanga, uli patali ndithu, mapiko ake awiri ali m'mwamba, akutsika pang'onopang'ono. Dzina lake ndi Tower Bridge. Zimene ndinadzera ndinazionera chapatali ngati maliro a kumudzi wina.

Ana anga onse a zaka 31 zija, kulikonse kumene muli, ndikhululukireni. London Bridge wa lero anatsegulidwa mu 1973 ndipo alibe chokongola chilichonse. Mbiri ndiye ali nayo: pamalo amenewo panali mlatho wa miyala umene unatha kumangidwa mu 1209, pamwamba pake pali nyumba ndi masitolo, ndipo unakhala zaka zoposa 600. Umene unalowa m'malo mwake mu 1831 unagulitsidwa mu 1968 kwa munthu wolemera wa ku America, Robert McCulloch, yemwe anaupasula mwala ndi mwala n'kukaumanganso ku Lake Havasu City ku Arizona. Inde, anthu amagulitsa ngakhale mlatho.

Ndinayenda mphindi 15 kukafika pa Tower Bridge, ndipo kukhumudwa kunayamba kutha. Ndi chinthu chodabwitsa. Anaumanga kuyambira 1886 n'kuutsegula mu 1894, ndipo mpaka 1976 mapiko aja ankawakweza ndi mphamvu ya nthunzi. Kuwoloka wapansi n'kwaulere. Mumalipira pokhapokha mukafuna kukwera m'nsanja n'kukayenda m'njira za pamwamba, mamita 42 kuchokera pamadzi, pomwe malo ena pansi pake anaikapo galasi. Ine sindinakwere, ndinati ndisunge ndalama. Mudzaseka mukamva kumene ndalamazo zinapita. Chimene ndinachikonda n'chakuti pamlatho umenewu chombo ndiye mfumu: mwini chombo akapempha kutatsala maola 24, magalimoto onse amaimitsidwa, ndipo salipira kalikonse. N'chifukwa chake nthawi zotsegukira zimasintha tsiku ndi tsiku, masiku ena sutseguka n'komwe. Onani nthawiyo musananyamuke, ndipo mufike kutatsala mphindi 20. Pali nkhani ya mu Disembala 1952 ya dalaivala wa basi nambala 78, Albert Gunter, amene mlatho unayamba kutseguka iye ali pakati. Anangoponda mafuta n'kulumpha mpatawo, basi ndi anthu omwe, ndipo anamupatsa mapaundi 10 a zikomo. Ndinaganiza za madalaivala athu a minibasi za pa msewu wa Zomba–Limbe, kuti mnzawo analipo kale.

Kuchoka apo ndinatsata gombe la kummwera kulowera kumadzulo. Kanthu kena kanandiimitsa: madzi ankaoneka akupita kumtunda. Ndinkaphunzitsa za kukwera ndi kutsika kwa nyanja ya mchere koma ndinali ndisanakuone ndi maso. Thames ali pafupi ndi nyanja, ndiye kawiri patsiku madzi a m'nyanja amakankhira mtsinje m'mbuyo, ndipo pakati pa mzinda madzi amatha kukwera n'kutsika mpaka pafupifupi mamita 7. M'mawa ndinaona matope ndi miyala m'mphepete, masana zonse zinali zitamira. Mukaona timasitepe totsikira kumtsinje, musatengeke. Si Mulunguzi uyu woti mukhale pamwala n'kumasambitsa mapazi.

Mlatho wa Millennium, wa anthu oyenda pansi okha, umalumikiza tchalitchi cha St Paul's ndi nyumba ya zojambula ya Tate Modern. Anautsegula mu Juni 2000 n'kuutseka patangotha masiku awiri chifukwa unkagwedezeka. Mlatho ukasunthira mbali pang'ono, anthu onse ankasintha mayendedwe mofanana kuti asagwe, ndipo kuponda kofananako kunkawonjezera kugwedezekako. Anaukonza n'kuutsegulanso mu Febuluwale 2002. Aliyense amene anawolokapo ulalo wa mitengo nthawi ya dzinja amadziwa kuti sitiwoloka gulu, timawoloka mmodzimmodzi. Ku Tate Modern kulowa n'kwaulere ndipo kuli zimbudzi. Kwa ife a zaka zoposa 60, amene kuzizira kumatitumiza kukataya madzi pafupipafupi, zimenezi n'zofunika kuposa zojambulazo. Ku masiteshoni aakulu monga Waterloo ndi London Bridge nakonso zimbudzi n'zaulere.

Pofika pa mlatho wa Waterloo, umene mbali yaikulu ya ntchito yake inagwiridwa ndi amayi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amuna ali kunkhondo, nsapato za kutchalitchi zinali zitanditupitsa matuza awiri. Pamapu mtunda umenewu umaoneka ngati kuchoka ku msika wa Zomba kupita ku Chirunga, koma ukamaima, kujambula, kuwoloka n'kubwereranso, umadya tsiku. Ndinali ndisanadye chifukwa mtengo uliwonse ndinkauchulukitsa ndi 2,000 m'mutu n'kubweza dzanja m'thumba. Wotopa, wanjala, wozizidwa, ndinafika pa mlatho wa Westminster cha m'ma 3 koloko.

Mlatho umenewu ndi wa mu 1862, wopakidwa utoto wobiriwira ngati mipando ya aphungu m'Nyumba ya Malamulo imene ili pambali pake, ndipo nsanja ya wotchi ya Big Ben ili pomwepo. Anthu piringupiringu, aliyense foni m'mwamba. Pakati pa mlatho panali kagulu kataunjikana. Munthu wina anali atanjuta pansi, patsogolo pake pali kansalu, timakapu titatu ndi kampira. Amavundikira kampirako, n'kusuntha timakaputo uku ndi uku, inu muloze kamene kali ndi mpira.

Abale anga, ameneyu ndi wachiona ndani. Yemweyu wa m'madepoti mwathu. Ine ndakhala ndikulanga ana a sukulu chifukwa cha juga imeneyi. Ndinaonapo mayi akugubuduka pansi ku Limbe atadyeredwa ndalama ya feteleza. Zikanakhala kwathu sindikanaima n'komwe. Koma mumtima mwanga munali bodza limene ndinakula nalo, lakuti ku Mangalande kulibe zoterezi, kuti pamaso pa Nyumba ya Malamulo ya anthu amene anatilamulira kuchokera konkuno ku Zomba palibe angayale kansalu kuti abere anthu dzuwa likuswa mtengo. Nzeru zanga za padepoti ndinali nditazisiya pa bwalo la ndege.

Mayi wina wa jekete yofiira, wooneka ngati mlendo mnzanga, anaponya mapaundi 50, analoza, n'kulandira 100. Anakuwa ndi chimwemwe. Bambo wina anaponya n'kuloza kakapu kolakwika, pamene ine ndinkaona bwinobwino kuti mpira uli pakati. Ndinati koma azungu enawa ndi akhungu. Mnyamata amene anaima pambali panga anandifunsa m'Chingerezi, mwaulemu, kuti inu bwana mukuona kuti uli pati? Ndinaloza. Anavundukula: mpira uli pomwepo. Onse anandiwombera m'manja, akuti mukanaponya bwenzi mutawina. Ndinatulutsa 20, anakana, akuti yochepetsetsa ndi 40. Ndinaponya 40. Maso anga sanachoke pakakapu. Anavundukula, mulibe kanthu.

Apa m'pamene ndikanachoka. Koma ndinayamba kuchulukitsa: K80,000 yapita pamphindi imodzi. Mayi wa jekete yofiira anandigwira mkono, akuti pepani, yesaninso, ulendo uno tithandizana kuyang'ana. Anthu anandipanikiza mbali zonse. Ndinatulutsa 100. Kakapu kanavundukulidwa, zii. Nthawi yomweyo wina analiza kakhweru chakumapeto kwa mlatho, kansalu kanapindidwa, ndipo gulu lonse linangoti balala: wosuntha timakapu, mayi uja, bambo wakhungu uja, mnyamata waulemu uja, aliyense njira yake. Apolisi awiri anadutsa. Ndinatsala ndekha nditangoti kakasi.

Mpira sukhala pansi pa kakapu kalikonse ikafika nthawi yanu. Umakhala m'chikhatho cha wosunthayo. Owina onse ndi anzake. Ena amaima kumapeto kwa mlatho kuyang'ana apolisi. Ndipo pamene maso anu ali pansi, manja ena ali m'matumba mwanu. Ndinapisa m'thumba lakunja la jekete kuti ndimuimbire mwana wanga. Foni munalibe. Mapaundi 160 otsala anapulumuka chifukwa anali m'thumba lam'kati, pamodzi ndi khadi la Oyster.

Mwendo unachita dzanzi. Ku Westminster Abbey kunali pafupi, koma alendo anali atasiya kale kulowa, ndipo za Livingstone zinali zitandichoka. Mu Novembala kumeneko dzuwa limalowa itangopitirira 4 koloko. Mdima unagwa ine ndidakali chiimire, kuzizira kukulasa mpaka m'mafupa. Nambala ya mwana wanga sindinkaidziwa pamtima. Dzina la msewu wa nyumba yake ndinkalikumbukira mwa apo ndi apo, nambala ya basi yochokera ku siteshoni ayi. Ndinakhala pabenchi mwina theka la ola, osati kuganiza njira, koma kukonza bodza loti ndikanene.

Kenako ndinachita chimene ndinakana kuchita m'mawa: ndinafunsa. Wogwira ntchito pa siteshoni ya Westminster anandilozera sitima ya pansi pa nthaka ya Jubilee, yopita ku London Bridge, ndipo kuchoka apo ndinakwera ya ku East Croydon. Ndinafika cha m'ma 6 koloko. Nambala imodzi yokha padziko lapansi ndimaidziwa pamtima, ya mayi akunyumba. Anthu awiri amene ndinawapempha foni anandilambalala, ndipo sindikuwada, nanenso ndikanatero. Wachitatu, mtsikana wovala yunifolomu ya osamalira okalamba, anandiyang'ana nkhope, n'kulemba yekha nambalayo pa WhatsApp, foni ili m'manja mwake.

Kwathu inali 8 koloko usiku, magetsi atazima, foni ya mayi itatsala pang'ono kuthima.

"Ndani?"

"Ndine, mayi. Musadandaule. Muimbireni mwana, mumuuze ndili pa siteshoni ya East Croydon, pakhomo lalikulu."

"Bambo, foni yanu ili kuti? Mwana wakhala akundiimbira kuyambira masana akulira!"

"Yatayika."

"Yatayika kapena mwataya?"

Uthenga unachoka ku Croydon, kukafika ku Chinamwali, n'kubwereranso ku Croydon, pamene nyumbayo inali mtunda wa mphindi 10 pabasi. Apongozi anga anafika akuthamanga, anavula mpango wawo n'kundikulunga m'khosi, osandifunsa kanthu. Kunyumba ndinati foni yagwera mumtsinje. Mwana wanga anandiyang'ana ngati mmene ndinkayang'anira ana onama m'kalasi.

"Adadi, ndalama zatsala zingati?"

Ndinaulula. Sanakalipe. Anangoti aliyense wokhala kuno amawadziwa anthu amenewo, ndipo akanandichenjeza ndikanampatsa mpata woyankhula m'mawa muja. Zimenezo zinandipweteka kuposa mapaundi.

Usiku womwewo tinadandaula kupolisi kudzera pa intaneti. Zosafuna changu amalandiranso pa nambala 101, pamene 999 ndi ya zangozi. Anatipatsa nambala ya dandaulo, koma foni sinapezeke. Vuto lalikulu linali layini yanga ya kuno, chifukwa ndalama za m'foni ndi mauthenga a ku banki zonse zimadzera pamenepo. M'mawa mwake mayi anathamanga kukaitseketsa, ndipo kuitsegulanso kunadikira mpaka ine mwini nditabwera ndi chiphaso cha unzika. Kwa mwezi wathunthu ndalama zimene ndinawasiyira m'foni imeneyo sizikanatheka kutapidwa, ndipo anakongola kwa anzawo a ku banki m'khonde kuti alipire aganyu opalira. Zithunzi zonse za tsikulo zinapita. Ndikawonkhetsa madola 150 a tikiti, mapaundi 140 a pakansalu, foni ina ya K280,000 ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya mayi, ulendo wanga wa pamilatho unadya ndalama yoposa penshoni yanga ya miyezi ingapo.

Kapepala kamene ndinakakana kaja ndiko kanali kofunika kuposa zonse. Lembani nambala ziwiri ndi adiresi, muike m'thumba losiyana ndi la foni. Ndalama za pepala tengani zochepa, chifukwa ngakhale basi za ku London sizilandira kashi, ndi khadi basi, ndipo ulendo umodzi unali paundi 1.75. Foni ikhale m'thumba lam'kati. Valani nsapato zoyendera kumunda, osati za pa Sabata, ndipo idyani musanayambe kuchulukitsa mitengo.

Loweruka tinapita tonse. Tinafika pa Tower Bridge nthawi ilipo, mabelu analira, zitseko za msewu zinatsekedwa, mapiko anakwera chombo cha mlongoti wautali n'kudutsa, mdzukulu wanga ali paphewa la bambo ake akukuwa. Tinakwera m'nsanja, apongozi atalipira, ndipo ndinaponda pagalasi paja maso nditatsinzina. Masana tinalowa ku Westminster Abbey, ndinaima pamwala wa Livingstone pakati pa tchalitchi. Thupi lake linaikidwa pamenepo mu 1874, mtima wake unatsala kwa Chitambo ku Zambia. Ndinalibe zambiri zomuuza.

Pobwerera tinawoloka mlatho wobiriwira uja. Kansalu kanali katayalidwanso, chauko pang'ono ndi pamalo paja. Mayi wa jekete yofiira anali akulandira mapaundi 100, akukuwa ndi chimwemwe chomwe chija. Ndinaima. Mdzukulu wanga anandikoka dzanja n'kufunsa m'Chichewa chake chopotoka:

"Agogo, mukuwadziwa amayi awo?"

"Ayi," ndinatero. "Tiye, ayisikilimu uja ali kutsidya."